Bowa wa pa chitsa ku Johannesburg: kuzula, kugula kapena kulima?

Mvula ikakhazikika kuno ku Johannesburg, kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, bowa amatuluka paliponse: pa kapinga, pansi pa mitengo ya oak ya ku Parkview ndi Saxonwold, ndiponso pa zitsa za m'magaladeni. Amalawi osamalira magaladeni ndi amene amayamba kumuona. Zitsa nazo zachuluka zaka zino chifukwa cha kachilombo koboola mitengo ka shot hole borer, kamene kanapezeka m'dziko muno mu 2017 ndipo kadulitsa mitengo yambiri mu mzinda uno. Munthu wokulira ndiwo za utale ndi manyame akaona bowa wachikasu atathithikana pa chitsa, mtima umafika kale ku mphika. Ena amajambula pa foni, pulogalamu n'kuwauza kuti ameneyu ndi honey mushroom, bowa wa mtundu ngati uchi amene amadyedwa ku Ulaya.

Tisanayerekeze njira zopezera ndiwoyi, dziwani ichi. Diso limene munatengera kwa agogo linaphunzira m'nkhalango ya mombo, tsamba ndi masuku. Ndelema, manyame ndi chipindi amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo imeneyo, ndipo pamene palibe mitengoyo bowayo samera. Johannesburg anamangidwa pa malo okwera a udzu, ndipo mitengo ikuluikulu yambiri ndi yobwera: oak wa ku Ulaya, bulugamu wa ku Australia, jacaranda wa ku South America, ndi paini. Bowa wambiri wa pansi pa oak ndi paini anabwera ndi mitengoyo. Amafanana ndi wakumudzi, koma si iye.

Kuzula bowa wa uchi pa chitsa

Akatswiri amamutcha Armillaria. Kwathu aliko, kungoti amadziwika ngati matenda: ndi amene amaoletsa mizu ya tiyi ku Mulanje ndi Thyolo. M'zaka za m'ma 1930 katswiri wina, R. Leach, akugwira ntchito ku Nyasaland, anaonetsa kuti kusenda khungwa mozungulira mtengo kudakali nthawi usanadulidwe kumachepetsa matendawa m'minda yatsopano ya tiyi, popeza mizu imatha chakudya chimene bowayu amadalira. Ku South Africa kuno mtundu wa Armillaria fuscipes umapha paini m'nkhalango zobzala za kumpoto ndi kum'mawa kwa dziko. Armillaria mellea, wodyedwa ku Ulaya uja, anapezeka m'galadeni yakale ya Company's Garden ku Cape Town, ndipo ofufuza a ku University of Pretoria anaonetsa kuti anabwera kalekale ndi zomera zimene Adatchi oyamba anabweretsa.

Choncho malangizo a kaphikidwe amene mumaona pa intaneti analembedwa za mitundu ya ku Ulaya ndi ku North America, osati ya kuno. Komanso Armillaria wa kuno satulutsa bowa pamtunda kawirikawiri. Nthawi zambiri amangodya mizu mobisika. Mulu wachikasu umene mwaupeza pa chitsa ku Randburg, mwayi waukulu ndi wakuti ndi bowa wina.

Armillaria weniweni amakhala ndi zizindikiro izi zonse pamodzi, osati zitatu kapena zinayi zokha. Amamera pa mtengo, pa chitsa kapena pa mizu yokwiririka, matsinde ambiri kuchokera pa phata limodzi. Chipewa chake, cha masentimita 3 mpaka 15, ndi cha mtundu wa uchi kapena khaki, ndipo pakati pake pali timamba takuda tonga tsitsi. Timizere ta pansi pa chipewa ndi toyera kapena tonga mkaka, togwira ku tsinde n'kutsikirako pang'ono. Pa tsinde pali mphete yokhuthala yonga thonje. Pansi pa tsinde palibe kathumba. Mukasenda khungwa la chitsacho ndi mpeni mupeza chinthu choyera chopyapyala ngati pepala, chonunkhira bowa, nthawi zina ndi tizingwe takuda tonga zingwe za nsapato. Chomaliza ndi mtundu wa fumbi la njere zake, lomwe liyenera kukhala loyera.

Kuyesa fumbi sikovuta. Dulani chipewa, muchivundikire pa pepala loyera mbali ina, lakuda mbali ina, timizere titayang'ana pansi. Phimbani ndi tambula kuti mphepo isalowe, mudikire maola 4 mpaka 8 kapena usiku wonse. Mukachotsa chipewa mupeza fumbi litajambula timizere pa pepala. Chipewa chikakhala chaching'ono kwambiri kapena chouma sichigwetsa fumbi, ndipo pepala lopanda kanthu silitanthauza kuti fumbi ndi loyera. Yesani chipewa chilichonse chimene mukufuna kudya, chifukwa chitsa chimodzi chimatha kusunga mitundu iwiri ya bowa moyandikana.

Amene amasokoneza anthu ndi awa. Gymnopilus junonius ndi wofala kwambiri pa zitsa za bulugamu, paini ndi oak: wamkulu, wa mtundu wa lalanje, ali ndi mphete, amamera mothithikana, koma fumbi lake ndi la dzimbiri ndipo amawawa kwambiri. Hypholoma fasciculare ndi wocheperapo, wachikasu chowala, timizere take timapita kobiriwira kenako kuda, fumbi lake ndi lofiirira modera; amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Omphalotus ndi wa lalanje thupi lonse, timizere take timatsika kutali pa tsinde, alibe mphete, ndipo fumbi lake ndi lotuwa moyera, choncho pepala lokha silingakupulumutseni kwa iyeyu. Woopsa koposa ndi Galerina, kabowa kakang'ono ka khofi kokhala ndi kamphete kopyapyala ndi fumbi la dzimbiri. Mitundu ina ya Galerina ili ndi poizoni wowononga chiwindi, yemweyo tikambe pansipa.

Tinene kuti zonse zagwirizana, ndipo munthu wodziwa bowa wa dera lino waugwira m'manja n'kuvomereza. Ngakhale apo Armillaria sadyedwa wosapsa. Tengani zipewa zazing'ono zolimba zokha; matsinde ndi a ulusi, ndipo zipewa zokalamba zimavuta m'mimba. Wiritsani m'madzi ambiri a mchere. Ku Ulaya ambiri amati mphindi 15, koma Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kumene madzi amawira pa madigiri 94 m'malo mwa 100, choncho fikitsani mphindi 20. Tayani madziwo, tsukuluzani, kenako kazingani mphindi zina 10 mpaka 15. Tsiku loyamba munthu mmodzi wamkulu adye supuni imodzi yokha, osamwa mowa, ndipo padutse masiku awiri asanadyenso. Ana, amayi oyembekezera ndi odwala asalawe. Sungani bowa mmodzi wosaphika wathunthu m'pepala mufiriji. Pali anthu ena amene amatsegula m'mimba ngakhale bowayu atapsa bwinobwino.

Chinanso ndi chitsa chenichenicho. Mitengo yogwidwa ndi shot hole borer ina inabayidwa mankhwala ophera tizilombo isanadulidwe, ndipo zitsa zina zimathiridwa mankhwala kuti zisaphuke. Bowa amayamwa zimene zili pamene wamera. Pa chifukwa chomwecho, musazule pafupi ndi milu ya mchenga wa migodi ya golide ya ku Riverlea, Soweto ndi kum'mawa kwa mzinda, kapena m'mbali mwa misewu ikuluikulu.

Ife tikayika zonsezi pa sikelo, njira iyi ndi yotsika kuposa zonse. Ntchito ndi yambiri, ofanana naye ndi ambiri, ndipo mphotho yake ndi ndiwo yoterera pang'ono imene siposa bowa wolimidwa wotchedwa oyster wa mushopu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pulogalamu ya pa foni si munthu womufunsa: imangoona chipewa pamwamba, siona fumbi, kathumba kapena fungo.

Bowa wa pansi amene amaoneka ngati wakwathu

Apa ndi pamene pali imfa, ndipo tichedwapo. Ndelema ndi wa m'banja la Amanita: timizere toyera, mphete pa tsinde, kathumba pansi, chipewa choyera chodera pakati. Pansi pa oak, komanso nthawi zina pansi pa paini ndi popula, m'dziko muno mumamera mbale wake Amanita phalloides, amene pa Chingerezi amamutcha death cap. Nayenso ali ndi timizere toyera, mphete, kathumba ndi fumbi loyera. Chipewa chake chimakhala chobiriwira motuwa kapena chachikasu, koma mvula ikachitsuka chimayera. Mlendo wosadziwa bowa amamuopa n'kumusiya. Amene ali pa ngozi yaikulu ndi Mmalawi wodziwa ndelema, chifukwa chilichonse chimene akuona chikumuuza kuti wapeza ndiwo yakumudzi.

Chipewa chimodzi cha death cap, ngakhale theka lake, chingathe kupha munthu wamkulu. Poizoni wake samatha ndi moto, kufutsa, kuyanika kapena kuika mufiriji. Kutaya madzi oyamba, kumene kumathandiza pa Armillaria, apa sikuchita kanthu. Sawawa ndipo sanunkha moipa akadali wanthete. Mayeso onse amene timauzana, akuti supuni kapena anyezi akada ndiye kuti ndi woipa, akuti nkhono kapena mphutsi zikamadya ndiye kuti ndi wabwino, akuti chipewa chikasendeka ndi wodyedwa, onsewa amalephera pa bowa ameneyu. Lamulo lake ndi lalifupi: bowa wa timizere toyera wokhala ndi kathumba pansi, mu Johannesburg sadyedwa. Ndipo kathumbako kamabisala m'dothi, choncho pofuna kuzindikira bowa kumbani ndi mpeni, musadule pamwamba.

Pa kapinga wothiriridwa pamamera wina wamkulu woyera ngati ambulera, wa timamba pamwamba, nthawi zambiri mozungulira ngati bwalo. Ndi Chlorophyllum molybdites. Akakula timizere take timasanduka tobiriwira, ndipo fumbi lake ndi lobiriwira. Sakonda kupha munthu wamkulu wathanzi, koma pasanathe maola atatu kusanza ndi kutsegula m'mimba kwake kumatha kugoneka munthu m'chipatala. Ena amamuyesa utale. Utale amamera pa chiswe, ndipo tsinde lake limapitirira pansi ngati muzu wautali mpaka ku chisa cha chiswecho. Abale ake a utale aliko ku South Africa, Azulu amati ikhowe, koma amene ali ndi tsinde lothera pa mizu ya kapinga si iye.

Bowa wa m'nkhalango za paini

Ngati mtima wozula nokha sukutha, yambani ndi Lactarius deliciosus, amene kuno amamutcha pine ring. Ndi mbale wa chipindi, ndipo ndi wosavuta kuzindikira kuposa Armillaria. Amamera pansi, pa mizu ya paini pokha. Chipewa ndi cha lalanje chokhala ndi mizere yozungulira, cholowa pakati. Mukadula timizere pamatuluka mkaka wa mtundu wa karoti, ndipo pamene pakhudzidwa pamasanduka pobiriwira pakapita nthawi. Tsinde ndi lalifupi, la mphako, la timaenje, lopanda mphete ndiponso lopanda kathumba. Mkaka ukatuluka woyera, kapena osatuluka konse, musiyeni. Wa khofi wopinda m'mphepete wopanda mkaka angathe kukhala Paxillus involutus, amene amawononga magazi. Mukadya pine ring mkodzo umafiira pang'ono tsiku limenelo, ndipo zimenezo si matenda.

Vuto la njira iyi ndi mtunda ndi chilolezo. Nkhalango zazikulu za paini zili ku Mpumalanga, cha ku Sabie ndi Graskop, maola anayi kapena kuposa pa galimoto, ndipo zili ndi eni ake. Kulowa popanda chilolezo ndi mlandu. M'malo otetezedwa a mu mzinda monga Melville Koppies ndi Klipriviersberg saloleza kuchotsa zomera. Pansi pa paini yemweyo pamameranso Amanita muscaria wofiira wa madontho oyera ndi Amanita pantherina wa khofi wa madontho oyera, onse a poizoni. Ulendo woyamba pitani ndi munthu amene wazula dera limenelo zaka zambiri, ndipo mtundu uliwonse muuike m'pepala lakelake, osati m'jumbo imodzi, momwe bowa amatukusira n'kuphwanyikirana.

Kugula

Ku Shoprite, Checkers ndi Pick n Pay mupeza timapaketi ta magalamu 250. Woyera wa button, wa khofi wa portabellini ndi wamkulu wowotcha pa makala uja ndi mtundu umodzi, Agaricus bisporus, wosiyana msinkhu ndi khungu. Ngozi palibe. Chodandaulitsa ndi chakuti ali ndi madzi ambiri ndipo fungo ndi lochepa. Mukamutendera mwachindunji ndiwo imasukuluka. Yambani mwamukazinga pa moto waukulu mpaka madzi ake aume, kenako anyezi, tomato, nsinjiro pomaliza. Amene akusowa fungo la bowa wofutsa wa m'chikwatu ayese shiitake wouma wa m'mashopu a Matchaina ku Cyrildene: mviikeni m'madzi ofunda mphindi 30, chotsani matsinde olimba, madziwo muthire mumphika. Kwa ife ameneyu ndi amene amayandikira kwambiri kukoma kwa kumudzi.

Bowa wouma wobwera pa mabasi a ku Blantyre ndi Lilongwe ndiye weniweniyo, koma akafutsidwa n'kuuma palibe angamuzindikirenso, ngakhale katswiri. Mukukhulupirira diso la amene anazula. Wochokera kwa mayi anu kapena azakhali amene azula malo amodzimodzi moyo wawo wonse ndi wosiyana ndi wogula pa msika kwa munthu wosamudziwa, popeza ngakhale kumudzi anthu amadwala ndi bowa m'dzinja. Wachuku, wonunkha chinyontho kapena wofumbwa mutayeni. Pomuviika, vuulani bowa ndi dzanja m'malo mothira madzi onse, kuti mchenga utsale pansi.

Kulima oyster m'chidebe

Iyi ndi njira imene tikanakonda Amalawi ambiri a ku Joni ataidziwa, chifukwa imakwana ngakhale pa kakhonde ka chipinda cha lendi. Mbewu, imene ogulitsa amaitcha spawn, gulani kwa olima bowa. Musayese kupanga kuchokera ku bowa wakutchire. Dulani mapesi a chimanga kapena udzu wa tirigu m'tizidutswa ta masentimita 3 mpaka 5. Viikani m'madzi otentha madigiri 65 mpaka 80 kwa ola limodzi kapena awiri. Musabwatitse, chifukwa mukapha tizilombo tonse, nkhungu yobiriwira imalowa popanda wolimbana nayo. Tsanulani, muyale pa tebulo loyera kuti zizizire. Mukafinya m'dzanja pazigwa madontho awiri kapena atatu okha. Madzi akachucha, ndiye kuti pansi padzawola n'kununkha.

Sakanizani mbewu ya magalamu 250 mpaka 500 pa makilogalamu 5 a mapesi onyowa, mutsendere m'chidebe kapena m'jumbo yoboola mabowo a sentimita imodzi motalikirana ngati chikhatho. Ikani pamalo a mthunzi ofunda madigiri 20 mpaka 25. Pakatha masabata awiri kapena atatu mkati monse mumayera. Mukatero ikani pamene pali kuwala kosaomba dzuwa ndi mpweya woyenda, muziwaza madzi kawiri kapena katatu pa tsiku. Tibowa tikaoneka pa mabowo, pasanathe sabata takula. Thyolani mulu wonse mopotokola m'mphepete mwa chipewa musanatambasuke kwambiri. Chidebe chimodzi chimabala kawiri kapena katatu, pafupifupi kilogalamu imodzi zonse pamodzi zikayenda bwino.

Zimene zimalakwika ndi zodziwika. Matsinde aatali ndi tizipewa tating'ono ndi kusowa mpweya wabwino. Tibowa touma tisanakule ndi mpweya wouma wa mu Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kumachedwetsanso kukula. Miyezi imeneyo phimbani ndi pulasitiki yoboola ndipo muziwaza pafupipafupi. Mawanga obiriwira ndi nkhungu ya Trichoderma, ndipo chidebe chotero chitulutseni chisapatsire zinzake. Musalime m'chipinda chogona, chifukwa fumbi la oyster limatsokomoletsa. Bowa wina aliyense wosiyana maonekedwe akamera m'chidebemo, musamudye.

Ndiye amene akufuna ndiwo lero agule. Amene akufuna bowa wambiri motchipa, kapena wogulitsako kwa anzake, alime. Amene amakonda kuyenda m'nkhalango aphunzire pine ring yekha chaka choyamba. Armillaria wa pa chitsa ndi wa munthu amene waphunzira kale mitundu ina yonse ija moti angaitchule asanayang'ane pepala la fumbi.

Wina akadya kale

Nthawi imene zizindikiro zayambira ndi yofunika kwambiri. Kusanza koyamba pasanathe maola atatu kawirikawiri kumachokera ku bowa wovuta m'mimba, ngakhale kuti mumphika wosakaniza mungathe kukhala mitundu iwiri. Kusanza ndi kutsegula m'mimba koyamba patatha maola 6 mpaka 24 ndi chizindikiro cha poizoni wa death cap kapena Galerina. Tsiku lachiwiri munthu amaoneka ngati wachira, ndipo apa ndi pamene mabanja amanyengeka n'kukhala pakhomo, pamene chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Kuyambira tsiku lachitatu maso amasanduka achikasu, mkodzo umachepa, mutu umasokonezeka. Pofika apo ena amangopulumuka ndi kuikidwa chiwindi china.

Musadikire zizindikiro, ndipo musadalire mkaka, madzi a mchere kapena mankhwala a zitsamba. Imbani Poisons Information Helpline pa 0861 555 777, imene imayankha usana ndi usiku, kapena ambulansi pa 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja. Pitani ku chipatala chachikulu chapafupi, monga Charlotte Maxeke, Helen Joseph kapena Chris Hani Baragwanath, ndipo onse amene anadya nawo apite, ngakhale amene akumva bwino, makamaka ana. Musaope kupita chifukwa cha mapepala. Ola lililonse lochedwa limadya chiwindi. Uzani adokotala ola limene munadya, ola limene kusanza kunayamba, ndi mtengo umene bowayo anamera pansi pake. Tengani bowa wosaphika wotsala m'pepala, zosenda za m'bini, ndiwo yotsala mumphika, ndi zithunzi za pa foni zoonetsa pansi pa chipewa ndi phata la tsinde.